Wasintha Ndani, Woimba Kapena Womvera? Kusanthula Maganizo a Otsatira Gulu la Nine Inch Nails pa Nyimbo Zake za Kuyambira 2005

1.0 Mau Oyamba

Nkhani ino ikusanthula mau amene anthu okonda gulu loimba la ku America lochedwa Nine Inch Nails amagwiritsa nchito poweruza nyimbo zimene gululi latulutsa kuyambira m'caka ca 2005. Kwa zaka pafupi-fupi 20, pakati pa otsatira gululi pakhala pakumveka dandaulo lakuti nyimbo zeni-zeni zinali zija zakale, ndipo kuti za pambuyo pake zinasukuluka. Alipo ena amene amatsutsa maganizo amenewa mwamphamvu. Colinga cathu si kuwerenga kuti mbali yoculuka anthu ndi iti. Tifuna kuyankha mafunso atatu: Kodi dandaulo limeneli linapangidwa motani monga ciganizo? Kodi nyimbozo zikulicitira umboni? Nanga ndi ciani cimene wodandaulayo akupempha kwa woimba?

Wina angadabwe kuona nkhani ya oimba a ku Cleveland m'magazini ya zinenero za mu Africa. Zifukwa zake ndi ziwiri. Coyamba, cinenero cimakula ndi nchito imene eni ake acipatsa. Ngati Cinyanja tidzacisungira miyambi ndi nthano zokha, ndipo nkhani za luso la maiko ena tizizikamba m'Cingelezi, ndiye kuti tikucimana tokha mau osanthulira. Caciwiri, monga tidzaona m'gawo 4.0, malamulo a Cinyanja amaumiriza wolankhula kuulula zinthu zina zimene ciweruzo conenedwa mofulumira cimabisa. Zitsanzo zonse za maganizo a otsatira zimene zili m'munsimu taziika m'mau athu monga mwa tanthauzo lake lodziwika. Si mau a munthu wakuti-wakuti.

2.0 Gululi ndi Mtundu wa Nyimbo Zake

Dzina lakuti industrial linacokera ku kampani ya zimbale ya Industrial Records imene gulu la ku Britain la Throbbing Gristle linakhazikitsa mu 1976. Oimba oyamba a mtundu umenewu sanali kufuna kusangalatsa khutu. Anali kugwiritsa nchito phokoso la makina, matepi odula-dula ndi mau okuwa. Gulu la Einstürzende Neubauten, limene linayamba ku Berlin mu 1980, linali kuomba zitsulo zotayidwa ndi zida zoboolera makoma. M'zaka za m'ma 1980 magulu monga Ministry ndi Skinny Puppy anasakaniza phokosoli ndi ng'oma za makina, ndipo ena anaonjezapo magitala olemera. Apa ndi pamene panabadwira industrial rock.

Trent Reznor, wobadwa mu 1965 m'boma la Pennsylvania, anayambitsa Nine Inch Nails ku Cleveland mu 1988. Kwa nthawi yaitali iye yekha ndiye anali membala wokhazikika, ndipo oimba ena anali kulembedwa nchito pa maulendo okaimba. Atticus Ross analengezedwa kukhala membala waciwiri mu 2016. Zimbale zimene otsatira amazicha zakale ndi izi: Pretty Hate Machine (1989), Broken (1992), The Downward Spiral (1994) ndi The Fragile (1999). Patapita zaka 6 panatuluka With Teeth (2005), kenaka Year Zero (2007), Ghosts I–IV ndi The Slip (2008), Hesitation Marks (2013), Not the Actual Events (2016), Add Violence (2017), Bad Witch (2018), ndi zigawo zina ziwiri za Ghosts mu 2020. Mu 2025 gululi linatulutsa m'dzina lake nyimbo za filimu ya Tron: Ares.

Pakati pa ndandanda ziwirizi pali zocitika za moyo wa munthu zimene iye mwini anaziulula poyera. M'zaka za m'ma 1990 Reznor anamira m'mowa ndi m'mankhwala osokoneza bongo. Mu 2000, ali ku London, anatsala pang'ono kufa cifukwa ca mankhwalawo, ndipo mu 2001 analandira cithandizo nawaleka. Anakwatira mu 2009. Pamodzi ndi Ross analandira mphoto ya Oscar mu 2011 cifukwa ca nyimbo za filimu ya The Social Network, ndipo analandiranso ina mu 2021, pamodzi ndi Jon Batiste, cifukwa ca filimu ya Soul. Zocitika izi ndi zofunika kwa ife cifukwa otsatira amaziika m'ziweruzo zao monga umboni.

3.0 Mitundu Itatu ya Dandaulo

Madandaulo amene amamveka kawiri-kawiri tingawagawe patatu:

(1) Nyimbo zake zinafewa. Ukali uja unatha.
(2) Anali kuimba bwino pamene anali pa mavuto. Tsopano ndi wolemera, wapabanja, ndipo alibe codandaula.
(3) Izi si Nine Inch Nails yeni-yeni. Ndi nyimbo za m'mafilimu zimene zavala dzina la gulu lathu.

Ziganizo zitatuzi zimanenedwa nthawi zambiri mu mpweya umodzi, ngati kuti ndi mfundo imodzi. Komabe zikunena za zinthu zosiyana. Ciganizo (1) cikunena za kamvekedwe, ndipo tingaciyese pomvera zimbale. Ciganizo (2) cikunena za moyo wa woimba, ndipo cikuganiza kuti pali cingwe colunjika pakati pa kuvutika ndi luso. Ciganizo (3) cikunena za umwini wa dzina: ndani ali ndi mphamvu yonena cimene gululi lili? Wosanthula amene sasiyanitsa zitatuzi amapezeka akuyankha (1) pamene mnzake akulira (3), ndipo mkangano sutha.

4.0 Zimene Malamulo a Cinenero Akuulula

4.1 Mneni wopanda wocita

Tiyeni tione aneni amene amapezeka m'ciganizo (1) ndi ena ofanana nao:

(4) a. Nyimbo zinafewa. / Anafewetsa nyimbo.
b. Nyimbo zinasukuluka. / Anasukulutsa nyimbo.
c. Moto unazirala. / Anaziralitsa moto.

Kumanzere kuli aneni osonyeza kuti cinthu cinacitika cokha, popanda wocicititsa. Kumanja kuli msintho wocititsa, umene ufuna mwininkhani amene wacititsa cinthuco. Womasulira maganizo a otsatira m'Cinyanja ayenera kusankha mbali imodzi, ndipo posankhapo amazindikira kuti odandaula ali m'misasa iwiri. A kumanzere akunena za matenda: mphamvu inacoka mwa woimba monga mcere umacokera m'ndiwo zothiridwa madzi, ndipo iye ndi womvetsa cisoni. A kumanja akunena za mlandu: woimba anacita dala pofuna ndalama kapena ulemu wa akulu-akulu a ku Hollywood. Msasa woyamba umalira maliro. Waciwiri umazenga mlandu.

Cimene cimasowa m'misasa yonse iwiri ndi mneni wacitatu, wosanyoza ndiponso wosaimba mlandu: anasankha. Munthu angasankhe kucepetsa gitala ndi kukweza piyano pa zifukwa za luso. Malinga ngati wosanthula ali ndi aneni awiri okha, wa kudwala ndi wa kupalamula, ndiye kuti cigamulo cake caperekedwa kale nyimbo isanayambe kulira.

4.2 Liu lakuti kale

Liu lakuti kale, monga dzulo, kuno ndi uko, lilibe tanthauzo lokhazikika mpaka tidziwe pamene wolankhula waimirira. Mbiri ya gululi ikuonetsa kuti malire a kale akhala akusuntha. Pamene The Fragile inatuluka mu 1999, ndi nyimbo 23 pa ma CD awiri, inayamba pa nambala 1 pa ndandanda ya Billboard koma inatsika msanga, ndipo panali omvera amene anaiona kuti ndi yotalika mopitirira ndi yosowa nyimbo zogwira mtima msanga monga za 1994. Masiku ano otsatira ambiri amaiika pamwamba pa zimbale zonse. With Teeth, imene mu 2005 inali cizindikiro ca kugwa, ili ndi mbadwo wa omvera amene analowera pa khomo limenelo, ndipo kwa iwo ndiyo kale.

Tingacite masamu ang'ono. Mnyamata amene anali ndi zaka 16 pamene The Downward Spiral inatuluka anali ndi zaka 27 mu 2005, ndi zaka 35 mu 2013. Cimbale ca 1994 anacimva ali yekha m'cipinda, mtima uli wosweka koyamba, ali ndi nthawi yocibwereza kambiri-mbiri mpaka kuciloweza. Ca 2013 anacimva mwina kawiri, ali pa ulendo wa ku nchito. Akanena kuti nyimbo zakale zinali kulasa mtima, akunena zoona, koma mbali ina ya coonadi cimeneco ili mu mtima umene unalasidwawo. Kale amene akumulira ndi wa woimba ndiponso ndi wake.

4.3 Tsinde la -eni-eni ndi mlowam'malo -athu

Tsinde la -eni-eni m'ciganizo (3) limaganiziratu kuti pali cinthu coyambirira cimene zina zonse ziyesedwa naco. Koma coyambirira ca Nine Inch Nails ndi citi? Kwa okonda Throbbing Gristle ndi Einstürzende Neubauten, Pretty Hate Machine yomweyo inali kale yosukuluka, popeza inali ndi makolasi osavuta kuimba ndi kayendedwe kovinika. Reznor anachuka ndendende cifukwa cakuti anaika phokoso la industrial m'cikombole ca nyimbo za pa wailesi. Conco mlandu umene otsatira ake amamuimba lero ndi womwewo umene iye anaimbidwa poyamba ndi amene analipo iye asanabwere. Aliyense amaika -eni-eni pa malo pamene iye anakwerera basi.

Mlowam'malo -athu m'mau akuti gulu lathu akuonjeza cinthu cina. M'Cinyanja timati mfumu yathu, mwana wathu, munda wathu, ndipo umwini wa zitatuzi si wofanana. Mfumu timaimvera, mwana timamulera kuti adzacoke, munda timaulamula cimene ubale. Wotsatira amene akuti gulu lathu ayenera kufunsidwa kuti akunena umwini uti. Ambiri a odandaula a mtundu (3) amalankhula ngati eni munda amene apeza kuti mwamera mbeu zimene sanabzale.

5.0 Umboni wa Nyimbo

5.1 Kodi zinafewadi?

Ciganizo (1) cili ndi mbali ziwiri: cakuti zakale zinali zaukali, ndi cakuti zatsopano si zaukali. Zonse ziwiri ndi zoona mwa theka cabe.

Kufatsa kunalipo kuyambira paciyambi. Pa cimbale ca 1989 pali "Something I Can Never Have", nyimbo yoyenda pang'ono-pang'ono yotsamira pa piyano. Pa The Downward Spiral pali "A Warm Place", yopanda mau ndiponso yopanda ng'oma zaukali. Ngakhale "March of the Pigs", imene ili yothamanga koopsa ndi kayendedwe kotsimphina dala, imaima mwadzidzidzi kuti piyano ilankhule yokha. Mphamvu ya cimbale cimeneco sili m'phokoso lokha koma m'kusinthana kwa phokoso ndi bata. Wokumbukira ukali wokha waiwala theka la cimene anacikonda.

Ukalinso sunathe. "The Great Destroyer" ya pa Year Zero imathera m'phokoso la makina losweka-sweka limene lilibe cifundo pa khutu. "The Background World" ya pa Add Violence, yotalika kupitirira mphindi 11, imatenga kacigawo kamodzi ndi kukabwereza-bwereza, kakuonongeka pang'ono pa kubwereza kulikonse, mpaka kamasanduka mkokomo wopanda maonekedwe. Bad Witch, ya nyimbo 6 m'mphindi pafupi-fupi 30, ndi yakuda ndi yokakala kuposa zambiri za m'ma 1990. Ngati muyeso uli phokoso, nyimbo zina za pambuyo pa 2005 zili pafupi ndi industrial yoyambirira kuposa "Head Like a Hole" kapena "Closer".

Cimene cinacepadi ndi zinthu ziwiri: kukuwa kwa pakhosi, ndi gitala wolemera wa mtundu wa Broken. Wodandaula akanati gitala anacepa, tikanagwirizana naye. Koma iye amati ukali unatha, ndipo apa wasokoneza cida ndi nchito imene cidaco cinali kugwira.

5.2 Kusowa kwa ine

Ife tikuganiza kuti kusintha kwakukulu kuli m'mlowam'malo. Nyimbo za 1989 mpaka 1999 zimalankhulidwa pafupi-fupi zonse ndi ine mmodzi, amene akulankhula kwa iwe: wokondedwa, Mulungu, mankhwala, kapena iye mwini. The Downward Spiral ndi nkhani ya munthu mmodzi amene akudzivula cipembedzo, cikondi ndi umunthu mpaka kudziononga. Mlowam'malo ine ali ndi khalidwe lakuti amakwana aliyense womuchula. Wacinyamata woimba motsatira cimbale m'cipinda cake sanali kunena za Reznor. Anali kunena za iye mwini.

Year Zero inaswa dongosolo limeneli. Nkhani yake inaikidwa m'caka ca 2022, m'dziko la America longopeka lolamulidwa mwankhanza m'dzina la cipembedzo, ndipo nyimbo zake zimalankhulidwa ndi anthu osiyana-siyana: msilikali, wolamula, wolamulidwa. Ine alimo, koma wavala nyau, ndipo womvera sangamuvale mosavuta. Ghosts I–IV inapitirira pamenepo: nyimbo 36 zopanda mau, zopanda ngakhale maina koma manambala okha. M'nyimbo za mafilimu, woimba amatumikira nkhani ya munthu wina. Conco wotsatira amene akuti sakumvanso kanthu angakhale akunena kuti sakudzipezanso m'nyimbo. Anazolowera kalirole, ndipo anapatsidwa zenera.

Hesitation Marks ndi citsanzo cofunika cifukwa ine anabwereramo, koma ali munthu wa zaka 48 woyang'ana m'mbuyo kwa munthu wa zaka 28. Dzina la cimbaleco ndi mau a zacipatala onena za mabala a munthu amene anafuna kudzipweteka koma anazengereza. Cithunzi ca pacikuto anajambula ndi Russell Mills, yemwe anajambulanso ca The Downward Spiral. Zonsezi zikusonyeza kuti cimbaleci cikuyankha cinzake ca 1994. Nyimbo imene inakwiyitsa ambiri, "Everything", ndi ya gitala wothamanga ndi mau oomba mwacimwemwe, ndipo woimba akunena kuti anapulumuka. Komabe wochera khutu adzamva kuti pakati pake nyimboyo imasanduka yaphokoso ndi yosagwirizana, ngati kuti cimwemweco cikukayikiridwa ndi mwini wake. Otsatira ambiri anaweruza masekondi oyamba okha.

5.3 Pamene odandaula akunena zoona

Kungakhale kupanda cilungamo kunena kuti dandaulo lonse ndi kulira unyamata. Pali zofooka zeni-zeni. With Teeth ndi cimbale ca munthu amene akuyesa miyendo atadzuka pa mphasa. Nyimbo monga "The Hand That Feeds" imatsata njira yowongoka ya ndime ndi kolasi, ndipo womvera amadziwa kumene ikupita isanafike pakati. Ng'oma za Dave Grohl pa nyimbo zingapo zinapatsa cimbaleco mphamvu ya gulu la rock wamba, koma zinacotsa kusanjikiza kwa mau ang'ono-ang'ono kumene kunapangitsa The Fragile kukhala nyumba ya zipinda zambiri. Hesitation Marks ili ndi nyimbo zingapo pakati pake zoyenda pa liwiro limodzi ndi kutentha kumodzi, kotero kuti kusinthana kwa phokoso ndi bata kumene tachula m'gawo 5.1 kumacepa.

Cofooka cacikulu cili m'mau. Reznor sanakhalepo wolemba wa mau oculuka. Mafanizo ake ndi owerengeka: dzenje, khungu, kugwa, kuzimirira, kusadziwa ngati dziko lili leni-leni. Pa cimbale coyamba ndi caciwiri mafanizo amenewa anali atsopano; pa cacisanu ndi cacisanu ndi cimodzi womvera amawalonjera ngati anansi. Akulu anati nyimbo imodzi sacezera gule. Apa odandaula ali ndi mfundo, ngakhale kuti mfundo yao ikutsutsana ndi dandaulo lao lina: sangathe kumuimba mlandu wa kusintha kwambiri ndi wa kubwereza zakale pa nthawi imodzi popanda kufotokoza kuti kusinthako kuli m'zoimbira ndipo kubwerezako kuli m'mau.

Bad Witch ndi yankho labwino pa cofooka cimeneci. Pa "God Break Down the Door" Reznor akuliza saxophone ndi kuimba ndi liu lakuya, lodekha, pamwamba pa ng'oma zothamanga. Ambiri anamvamo mthunzi wa David Bowie, amene anayenda naye pa ulendo woimba mu 1995 ndipo anamwalira mu 2016. Pamenepa woimba wapeza liu lina la munthu wacikulire m'malo moyesa kukuwa ngati mnyamata.

6.0 Mlandu wa Kuvutika

Ciganizo (2) ndi cimene cifuna kusamala kwambiri, cifukwa sicikhudza luso lokha. Tikacivula, cikunena kuti munthu uyu anali wofunika kwa ife pamene anali kufa, ndipo kucira kwake kwatilanda kanthu. Owerengeka ndi amene anganene motero poyera, koma ndilo tanthauzo la nthabwala yofala yakuti anali bwino akali pa mankhwala.

Mfundoyi ndi yofooka ngakhale pa umboni. Zaka za kumwa kwakukulu ndi zimene zinabala zocepa: zaka 5 pakati pa The Downward Spiral ndi The Fragile, ndi zaka 6 kufikira With Teeth. Atacira, anatulutsa zimbale zinai pakati pa 2005 ndi 2008. Wina angayankhe kuti kuculuka si ubwino, ndipo ndi zoona. Koma nayenso ayenera kuvomera kuti sangathe kusonyeza kuti mankhwala ndiwo analemba nyimbo zija, osati luso, unyamata, ndi miyezi yambiri ya nchito m'situdiyo. Ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika, ndipo mu 2000 inatsala pang'ono kung'ambika. Wopempha kuti ilirebe motero akupempha cimene sangafune kuciona.

Nyimbo ya "Hurt" ikutiphunzitsa kanthu pa nkhani ya msinkhu. Reznor anaiika kumapeto kwa cimbale ca 1994. Mu 2002 Johnny Cash, ali ndi zaka 70 ndipo akudwala, anaiimbanso, ndipo anamwalira caka cotsatira. Mau anali pafupi-fupi omwewo, koma m'kamwa mwa nkhalamba anasanduka kuwerengera moyo wonse. Otsatira ambiri amalemekeza kuimba kwa Cash, ndipo potero amavomera kuti ukalamba uli ndi kulemera kwake m'nyimbo. Ndi codabwitsa kuti ulemu umene amapatsa Cash amaumana mwini nyimboyo pamene nayenso wakula.

Pa za mlandu wa kukonda ndalama, mbiri ikupereka umboni wosakanizika. Atasiyana ndi kampani ya Interscope mu 2007, Reznor anatulutsa Ghosts I–IV ndi cilolezo ca Creative Commons cimene cinalola anthu kugawana nyimbozo, ndipo The Slip anaipereka kwaulere. Mu 2013 anabwerera ku makampani akulu-akulu pogwirizana ndi Columbia. Kacigawo ka "34 Ghosts IV" ndi kamene kanakhala maziko a "Old Town Road" ya Lil Nas X, imene inakhala pa nambala 1 ku America kwa masabata 19 mu 2019. Cimbale cimene ena anaciyesa copanda nchito ndico cinafika m'makutu a anthu oculuka koposa, kudzera pa khomo limene palibe analiyembekeza.

7.0 Phunziro kwa Aphunzitsi a Cinenero

Nkhaniyi ili ndi phindu m'kalasi ngakhale kwa ophunzira amene sanamvepo gululi. Funso lomweli lingafunsidwe pa gulu la kwathu la WITCH, limene linachuka ndi rock ya Lazy Bones!! mu 1975 koma linatembenukira ku disco pa Movin' On (1980) ndi Kuomboka (1984). Ophunzira athu amalemba kawiri-kawiri kuti buku ili ndi lokoma, kapena kuti wolemba uyu anatha, ndipo amayesa kuti asanthula. Tikupereka njira zitatu zowathandizira.

Yoyamba ndi kusiyanitsa kufotokoza, kumasulira ndi kuweruza. Gitala wacepa ndi kufotokoza. Woimba akuyang'ana m'mbuyo ndi kumasulira. Cimbale ndi cofooka ndi kuweruza. Wophunzira asaloledwe kufika pa cacitatu asanadutse pa ziwiri zoyamba. Yaciwiri ndi kufunsa mneni aliyense woweruza kuti wocita wake ndani, monga tacitira m'citsanzo (4). Yacitatu ndi kufunsa mau monga kale, tsopano ndi -eni-eni kuti wowanena waimirira pati. Mafunso amenewa ndi a galamala, koma amaphunzitsa kuganiza, ndipo amasonyeza wophunzira kuti Cinyanja cili ndi zida zokwanira zosanthulira luso la mtundu uliwonse.

8.0 Mau Omaliza

Taona kuti dandaulo la otsatira Nine Inch Nails ndi mfundo zitatu zomangidwa mtolo umodzi. Mfundo ya kufewa ikutsutsidwa ndi zimbale zomwe, kupatula pa nkhani ya gitala ndi kukuwa. Mfundo ya kuvutika ilibe umboni wokwanira, ndipo ikupempha kwa munthu cinthu cosayenera kupempha. Mfundo ya -eni-eni ikudalira malo amene wolankhula analowera. Cotsala, cimene cili coona ndipo odandaula samacichula kawiri-kawiri, ndi kubwereza kwa mafanizo ndi kusowa kwa ine uja amene womvera anali kumuvala ngati malaya ake.

Kuweruza kwathu ndi kwakuti nyimbo za kuyambira 2005 ndi zosalingana: With Teeth ndi yamantha, Year Zero ndi yolimba mtima, Hesitation Marks ndi yoona mtima koma yotalika, ndipo Bad Witch ingaime pambali pa zakale popanda manyazi. Palibe mwa izi imene idzacita kwa munthu wa zaka 45 cimene The Downward Spiral inamucita ali ndi zaka 16. Funso limene latsala kwa ofufuza ena ndi lakuti kodi omvera amene anayamba ndi nyimbo za mafilimu, nabwerera m'mbuyo kukapeza za 1994, amagwiritsa nchito aneni ati pofotokoza ulendo wao, popeza kwa iwo kale ndi tsopano zaima mozondoka.